KUSENDA NAMBALA: 1,708 NDI ZIMENE ZIRI M'KATI MWACE



Masiku apitawa tinalandira kalata yocokera kwa bambo wina wa kuno ku Maramba. Iwo alemba kuti mwana wao anabwera ku nyumba ndi nchito ya ku sukulu, yakuti apeze manambala onse amene agawa nambala ina yaikuru popanda cotsala, ndipo mwanayo analimbana nayo nchitoyo kufikira tulo tinamgwira pa thebulo pomwepo. Tsono bambowo afunsa kuti: "Kodi zimenezi ziri ndi phindu lanji? Ine ndagulitsa nsomba pa msika zaka zambiri, koma sindinaonepo wogula ali yense alikufunsa zotere." Funso limeneli nlabwino, ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala, pakuti kholo likayesa phunziro lina kukhala lacabe, mwana nayenso sacedwa kulitaya, ndipo mwana wotaya masamu wadzitsekera yekha makomo ambiri a nchito asanadziwe nkomwe kuti makomowo alipo.

Cifukwa cace lero tidzatenga nambala imodzi yaikuru ndi kuisenda pang'ono-pang'ono monga munthu asenda nzimbe, kuti tione zimene ziri m'kati mwace. Sitidzaitenga m'buku la sukulu ai, koma kwathu konkuno. Ulendo wa makilomita khumi okha kucokera m'tauni muno, mtsinje wa Zambezi ugwera m'phompho, pa malo amene Akololo anawacha Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena utsi wogunda. David Livingstone anafika pamenepo m'mwezi wa November 1855, ataperekezedwa ndi anthu a mfumu Sekeletu, nawacha mathithiwo dzina la Victoria, mfumukazi ya kwao. Mabuku ambiri anena kuti kutambalala kwa mathithiwo, kucokera ku mbali ya Zambia kufikira ku mbali ya Zimbabwe, ndi mamita 1,708, ndi kuti pamene pali pakuya koposa madzi agwa mamita 108. Nambala yathu ya lero ndiyo 1,708. Ngati muli ndi pensulo ndi kapepala pafupi, zitengeni, cifukwa masamu salowa bwino ndi makutu okha.

MALO A CILEMBO CIRI CONSE

Poyamba tiyang'ane maonekedwe ace. Nambalayi iri ndi zilembo zinai, ndipo mphamvu ya cilembo ciri conse icokera ku malo amene cakhala. Cilembo coyamba, 1, ciimira cikwi cimodzi; caciwiri, 7, ciimira mazana asanu ndi awiri; cacitatu ndi ziro, ndipo citiuza kuti palibe makumi; cotsiriza, 8, ciimira zisanu ndi zitatu. Ena ayesa ziro ngati kanthu kacabe, koma iye ali monga mlonda wosunga mpando wa munthu amene sanabwere ku msonkhano. Mukamcotsa, 1,708 isanduka 178, ndipo munthu amene anakongoza mnzace K1,708 nabwezeredwa K178 wataya K1,530 cifukwa ca kabowo kamodzi kosalembedwa.

Kalembedwe kameneka kanayambira ku India. Katswiri wa kumeneko, Brahmagupta, analemba malamulo a ziro m'caka ca 628, ndipo nzeruyo inapitirira kwa Aluya. Mtaliyana wina, Fibonacci, anaiphunzira ali mnyamata m'mudzi wa pa doko wa Bugia, m'dziko limene lero ndi Algeria, naibukitsa ku Ulaya m'buku lace la m'caka ca 1202. Aroma akale akadalemba nambala yathuyi motere: MDCCVIII. Yesani kucurukitsa zilembo zimenezo ndi 108, ndipo mudzathokoza amene anatipatsa ziro.

KUGAWA POPANDA COTSALA

Funso lalikuru limene akatswiri afunsa pa nambala iri yonse ndi ili: kodi igawika ndi ciani popanda cotsala? Nambala imene igawa inzace kotero tidzaicha cogawira cace. Pali njira zapafupi zodziwira zimenezi, zimene amai a pa msika angazigwiritse nchito popanda pepala.

Kuti mudziwe ngati nambala igawika ndi 2, yang'anani cilembo cotsiriza cokha. Cikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo nja awiri-awiri, ndiko kuti mukaika zinthuzo ziwiri-ziwiri palibe cotsala cokha. Cikakhala 1, 3, 5, 7 kapena 9, nambalayo njosiya cimodzi. Yathuyi itsiriza ndi 8, kotero igawika ndi 2, ndipo theka lace ndi 854.

Pofuna kuyesa 4, yang'anani zilembo ziwiri zotsiriza. Cifukwa cace nciani? Zana ligawika ndi 4, motero mazana onse ndi zikwi zonse zigawika ndi 4, ndipo mlandu utsala pa makumi ndi zotsalira zokha. Pano tiri ndi 08, imene igawika ndi 4. Comweco 1,708 igawika ndi 4, nitipatsa 427.

Pofuna kuyesa 3 kapena 9, onkhetsani zilembo zonse. Pano 1 ndi 7 ndi 0 ndi 8 zipanga 16. Popeza 16 sigawika ndi 3, nayonso 1,708 sigawika ndi 3. Ameneyu si matsenga ai. Cikwi ndico 999 ndi cimodzi. Zana ndilo 99 ndi cimodzi. Khumi ndilo 9 ndi cimodzi. Manambala a 999, 99 ndi 9 agawika kale ndi 3 ndi 9 yemwe, kotero zotsala ndi timodzi-timodzi tija, ndipo kuonkhetsa zilembo ndiko kuwerenga timeneto. Anthu atatu akagawana K1,708 ali yense adzatenga K569, ndipo kwaca imodzi idzatsala pa mphasa.

Pa 5 palibe bvuto: nambala iyenera kutsiriza ndi 0 kapena 5, ndipo yathuyi sitero. Pa 7 njira yace ndi iyi: dulani cilembo cotsiriza, cicurukitseni kawiri, ndi kucicotsa pa zotsalazo. Tikadula 8, kawiri kace ndi 16. Tikacotsa 16 pa 170 titsala ndi 154. Tibwereze: tikadula 4, kawiri kace ndi 8, tikacotsa 8 pa 15 titsala ndi 7. Tafika pa 7 weni-weni, ndiye kuti 1,708 igawika ndi 7, ndipo yankho lace ndi 244.

NJERWA ZA MANAMBALA

Tsopano tiiphwanye kufikira itakana kuphwanyika. Tikagawa 1,708 ndi 2 tipeza 854. Tikagawanso ndi 2 tipeza 427. Tikagawa 427 ndi 7 tipeza 61. Nanga 61? Sigawika ndi 2, kapena 3, kapena 5, kapena 7. Palibe cifukwa copitirira pamenepo, pakuti 8 kucurukitsa ndi 8 ndi 64, imene yaposa kale 61. Ndipo 61 ikadakhala ndi cogawira cacikuru coposa 8, cikadabwera ndi cinzace cacing'ono cimene tikadacipeza kale. Motero 61 igawika ndi 1 ndi iyo yokha basi.

Manambala otere, amene m'mabuku a Cingelezi achedwa prime, ife tidzawacha osagawika. Oyamba ao ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17 ndi 19. Nambala ya 1 siwerengedwa m'gulu limeneli, ndipo 2 ndiye yekha wa awiri-awiri amene alimo. Manambala ena onse oposa 1 ndi ogawika, ndipo amangidwa ndi osagawika monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Njerwa za 1,708 ndi zinai: 2, 2, 7 ndi 61. Cozizwitsa ncakuti ngakhale muyambire ku mbali iti, mudzapeza njerwa zomwezo. Wina ayambe ndi 7, wina ndi 61, wina ndi 2. Onse adzakomana pamodzi. Palibe manambala awiri okhala ndi njerwa zofanana, monga palibe anthu awiri okhala ndi cidindo cimodzi ca cala.

Munthu akadziwa njerwa, nchito imene inagoneka mwana uja pa thebulo ipepuka. Cogawira ciri conse cipangidwa posankha zina mwa njerwazo. Pa 2 tiri ndi njira zitatu: kumsiya, kumtenga kamodzi, kapena kumtenga kawiri. Pa 7 tiri ndi njira ziwiri, kumsiya kapena kumtenga, ndipo pa 61 cimodzi-modzi. Zitatu kucurukitsa ndi ziwiri, kucurukitsanso ndi ziwiri, zipanga 12. Tadziwa kuti zogawira ziripo 12 tisanazilembe nkomwe, ndipo mwana amene wapeza khumi zokha adziwa kuti ziwiri zikali kubisala. Nazi zonse: 1, 2, 4, 7, 14, 28, 61, 122, 244, 427, 854 ndi 1,708.

Njirayi siopa nambala yaikuru. Tikacurukitsa kutambalala kwa mathithi ndi kuya kwace, 1,708 ndi 108, tipeza 184,464. Tisanene kuti amenewa ndiwo mamita eni-eni a khoma la madzi lija, pakuti phompholo siliri lakuya mofanana ponse-ponse. Tingoitenga monga nambala. Njerwa za 108 ndi 2, 2, 3, 3 ndi 3. Tikaziika pamodzi ndi zoyamba zija, 2 aoneka kanai, 3 katatu, 7 kamodzi ndi 61 kamodzi. Njira zosankhira ndi 5, 4, 2 ndi 2, ndipo tikazicurukitsa tipeza kuti 184,464 iri ndi zogawira 80. Kuzifuna cimodzi-cimodzi kukadatha masiku. Ife tazidziwa m'kamphindi.

NZERU IMENEYI SI YACILENDO MU AFRICA

Ena aganiza kuti zonsezi zinabwera ndi sitima ya pa madzi. M'caka ca 1950 katswiri wina wa ku Belgium, Jean de Heinzelin, anafukula kapfupa kakang'ono pa malo ochedwa Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko la Congo. Kapfupako akayesa ka zaka ngati 20,000, ndipo pali timizere tozokotedwa m'magulu-magulu. Mndandanda umodzi uli ndi magulu anai, a timizere 11, 13, 17 ndi 19, amene ndiwo manambala osagawika onse a pakati pa 10 ndi 20. Akatswiri atsutsana za tanthauzo lace: ena ati wozokotayo anadziwa cimene analikucita, ena ati zinangocitika, enanso ati analikuwerenga masiku a mwezi. Koma ambiri abvomereza kuti munthu wa mu Africa analikusunga ciwerengero kale-kale. Kapfupako kasungidwa ku Brussels.

Ndiponso m'mudzi wa Alexandria, ku Egypt, munali Euclid zaka ngati 300 Kristu asanabadwe. Iye anatsimikiza kuti manambala osagawika sadzatha, ndipo umboni wace ngwapafupi. Tiyerekeze munthu anena kuti ali ndi mndandanda wa osagawika onse. Acurukitseni onsewo pamodzi ndi kuonjezapo cimodzi. Nambala yatsopanoyo, mukaigawa ndi ali yense wa pa mndandandawo, idzasiya cimodzi nthawi zonse. Comweco kapena iyo yokha njosagawika, kapena iri ndi njerwa imene sinali pa mndandanda. Mwacitsanzo, 2, 3, 5 ndi 7 apanga 210, ndipo 211 njosagawika. Tikaonjeza 11 ndi 13 pa mndandanda tipeza 30,031, imene igawika ndithu, koma njerwa zace ndi 59 ndi 509, alendo okha-okha. Mndandanda uli wonse uli ndi wina wotsala kunja.

M'mudzi womwewo munakhalanso Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, amene anali woyang'anira nyumba yaikuru ya mabuku. Iye anatisiyira njira imene ichedwa sefa. Lembani manambala kuyambira 2 kufikira pamene mufuna. Sungani 2 ndi kufafaniza onse ogawika ndi 2. Sungani 3 ndi kufafaniza onse ogawika ndi 3. Pitirirani kotero ndi 5 ndi 7. Monga mai asefa ufa nasiya misere, otsala pa pepala ndiwo osagawika. Pakati pa 1 ndi 100 mudzapeza 25.

MABANJA ATATU

Akale anagawanso manambala m'mabanja atatu, ndipo amene anafotokoza bwino za mabanjawo ndiye Nicomachus wa ku Gerasa, zaka ngati 100 Kristu atabadwa. Lamulo lace ndi ili: onkhetsani zogawira zonse za nambala, kusiyapo mwini wace. Zikacepa kwa mwiniyo, nambalayo njoperewera. Zikamposa, njosefukira. Zikalingana naye ndendende, njangwiro.

Taonani 10: zogawira zace ndi 1, 2 ndi 5, zimene zipanga 8; njoperewera. Taonani 12: 1, 2, 3, 4 ndi 6 zipanga 16, njosefukira. Koma 6 ali ndi 1, 2 ndi 3, zimene zipanga 6 yemweyo. Ndipo 28 ali ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14, zimene zipanga 28. Awa ndiwo angwiro awiri oyamba.

Nanga 1,708 iri m'banja liti? Mukaonkhetsa zogawira zace khumi ndi cimodzi mudzapeza 1,764. Yaposa mwini ndi 56, kotero njosefukira, monga Zambezi m'mwezi wa April. Ndipo cifukwa cace cioneka poyera. Nambala yathuyi ndiyo 28 kucurukitsa ndi 61. M'mimba mwace muli nambala yangwiro. Tengani zogawira zisanu za 28 ndi kucurukitsa ciri conse ndi 61: mupeza 61, 122, 244, 427 ndi 854, ndipo zisanu zimenezi pa zokha zikwana kale 1,708. Zotsalazo, 1, 2, 4, 7, 14 ndi 28, zipanga 56, ndipo amenewo ndiwo madzi otayikira kunja kwa mtsuko. Pamenepa taphunzira lamulo logwira nchito ponse: nambala iri yonse imene igawika ndi yangwiro, nikhala yoiposa, iyenera kusefukira. Onaninso kuti 1,764 ndiyo 42 kucurukitsa ndi 42. Munthu wokhala ndi mbande 1,764 angazibzale m'mizere 42, mzere uli wonse mbande 42, munda nukhala wolingana mbali zonse zinai.

Caka cija ca 1855 ciri m'banja lina. Njerwa zace ndi 5, 7 ndi 53, ndipo zogawira zace zipanga 737 cabe, ncoperewera.

ULALO WA PA ZAMBEZI NDI NAMBALA YA 127

Ulalo wa njanji umene unakuza tauni yathu ino unatsegulidwa pa 12 September 1905 ndi George Darwin, mphunzitsi wamkuru wa masamu ndi za nyenyezi ku Cambridge. Zitsulo zace zinasulidwa ku Darlington, ku England, ndipo mmodzi wa amene anawerengera katundu amene citsulo ciri conse cidzasenza anali mnyamata dzina lace Ralph Freeman, amene pambuyo pace anakonza mapulani a ulalo wochuka wa ku Sydney. Ulalowo ngwautali mamita 198, ndipo mabuku anena kuti uli mamita 128 pamwamba pa madzi. Waima zaka zoposa zana cifukwa ena anakhoza masamu ao.

Tikaphwanya 1905 tipeza 3, 5 ndi 127. Nambala ya 127 iri ndi mbiri yace. Yambani ndi 1 ndi kumawirikiza kawiri: 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64. Mukaonkhetsa zonsezi mupeza 127. Euclid anapeza kuti pamene kuonkhetsa kotere kubala nambala yosagawika, mukaicurukitsa ndi yotsiriza ya mndandandawo mudzapeza nambala yangwiro. Onani: 1 ndi 2 apanga 3, ndipo 3 kucurukitsa ndi 2 ndi 6. Tikafika pa 4 tipeza 7, ndipo 7 kucurukitsa ndi 4 ndi 28. Tikafika pa 8 tipeza 15, amene agawika, kotero palibe kanthu. Pa 16 tipeza 31, amene abala 496. Pa 64 tipeza 127, amene abala 8,128. Anai amenewa ndiwo angwiro amene Agriki akale anawadziwa. Wacisanu ali kutali ndithu, pa 33,550,336. Leonhard Euler, amene anamwalira m'caka ca 1783, anatsimikiza kuti angwiro onse a awiri-awiri abadwa mwa njira imeneyi. Koma ngati alipo wangwiro wosiya cimodzi, palibe munthu amene wampeza, ndiponso palibe amene watsimikiza kuti kulibe. Funsoli lakhala zaka zikwi ziwiri lilikudikira mwini wace.

Osagawika a mtundu wa 3, 7, 31 ndi 127 achedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anamwalira m'caka ca 1648, ndipo kufikira lero anthu alikuwasaka ndi makompyuta. M'mwezi wa October 2024 munthu wina wa ku America, Luke Durant, anapeza wa 52 wa mtundu umenewu, amene pa nthawiyo anaposa osagawika onse odziwika. Apezeka pocurukitsa 2 ndi iye mwini ka 136,279,841 ndi kucotsapo cimodzi, ndipo ali ndi zilembo 41,024,320. Ndikadati ndikuwerengereni pa wailesi pano, cilembo cimodzi pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku osapuma, tikadatha masiku oposa 474. Mukadamlemba pa mzere umodzi, zilembo ziwiri pa sentimita iri yonse, akadatalika makilomita 205, ndiko kucokera kuno ku Maramba kupitirira Choma.

CENJEZO

Pano ndiyenera kukucenjezani, abale anga. Wina adzati: "Taonani! Ulalo uli mamita 128, ndipo m'caka cimene unatsegulidwa muli 127; mathithi nawo abisa nambala yangwiro. Ndithu pali cinsinsi." Iai, palibe cinsinsi. Mita sinalengedwe pamodzi ndi Zambezi. Ndi muyeso umene anthu anapangana ku France m'zaka za m'ma 1790. Mukayesa mathithi omwewo ndi mapazi a Cingelezi mupeza 5,604, ndipo njerwa zace ndi 2, 2, 3 ndi 467: 7 wacoka, 61 wacoka, 28 wazimirira, ndipo 3 amene tinamkana walowa. Ulalo nawo usanduka mapazi 420. Ndiponso woyesa uja akadaonjeza mita imodzi yokha, tikadakhala ndi 1,709, nambala yosagawika konse, imene cogawira cace cacing'ono ndi 1 yekha. Oyandikana nyumba awiri, wina wosefukira, wina wosauka kotheratu! Makhalidwe amene tapezawa ndi a nambala, si a madzi ai.

Ndanena izi cifukwa pali anthu ena oyenda-yenda amene auza anzao kuti nambala yakuti iri ndi mwai, kapena kuti adziwa imene idzapambana pa njuga, nalipiritsa ndalama pa mau amenewo. Munthu wodziwa kusenda manambala angapeze cozizwitsa mu nambala iri yonse imene mungampatse, monga ndacitira ine madzulo ano. Cozizwitsaco ncoona, koma sicidziwa dzina lanu, ndipo sicidziwa za mawa. Paja akuru anati cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

PHINDU LACE

Tibwerere tsopano kwa bambo athu a pa msika. Phindu loyamba ndi la kugawana. Anthu a cilimba kapena a kabungwe ka mpingo akakhala ndi K1,708, msungi wodziwa zogawira aona msanga kuti anthu 7 adzalandira K244 ali yense, anthu 14 K122, anthu 28 K61. Koma akakhala 12, ali yense adzatenga K142 ndipo K4 idzatsala, imene ayenera kupangana cocita nayo ndalama zisanaturuke m'thumba. Maubale ambiri aonongeka cifukwa ca cotsala cimene sicinanenedwe poyamba.

Phindu laciwiri ndi la kuyesa ngati mwawerengera bwino. Tiyerekeze mwagulitsa mbale 28 za kapenta pa K61 mbale iri yonse, ndipo mwalemba K1,708. Onkhetsani zilembo za 28: mupeza 10, ndipo 1 ndi 0 apanga 1. Za 61 zipanga 7. Curukitsani 1 ndi 7, mupeza 7. Tsono onkhetsani zilembo za yankho lanu: 16, ndipo 1 ndi 6 apanga 7. Zagwirizana. Mukadalemba K1,608 mukadapeza 6, nimudziwa pomwepo kuti mwadzibera K100. Koma njirayi iri ndi malire: sigwira munthu amene wasinthanitsa malo a zilembo, pakuti 1,780 nayo ipereka 7. Ikakana, mwalakwa ndithu. Ikabvomera, yang'ananinso malo a zilembo.

Phindu lacitatu nlobisika, koma likhudza ali yense amene asunga ndalama ku banki kapena atumiza mau pa intaneti. Kucurukitsa nkwapafupi, koma kuphwanya nkobvuta. Mwana angacurukitse 41 ndi 43 napeza 1,763 msanga; koma patsani mnzanu 1,763 kuti apeze njerwa zace, ndipo adzayesa osagawika 12 pacabe asanafike pa 41. M'caka ca 1977 akatswiri atatu, Rivest, Shamir ndi Adleman, anapanga loko wa mauthenga pa maziko amenewa. Nambala yaikuru iikidwa poyera kuti ali yense atsekere nayo uthenga, koma wotsegula ndi yekhayo amene adziwa njerwa zace ziwiri. M'caka ca 2020 akatswiri ena anatha kuphwanya nambala yotere ya zilembo 250, koma nchito imene makompyuta ao ambiri anagawana ikadatha zaka ngati 2,700 pa makina amodzi okha. Ndipo maloko ambiri a mtundu umenewu agwiritsa nchito manambala a zilembo zoposa 600. Comweco, bambo, ngakhale wogula nsomba sakufunsani za njerwa za manambala, njerwazo ziri m'gulu la alonda a ndalama zanu. Ndipo amene adzasula maloko a mawa ndi ana amene lero alikulimbana ndi zogawira pa thebulo. Mwana wanuyo musamgwetse mphwayi. Khalani naye pansi, mumuonetse kuyamba ndi njerwa, ndipo mudzaona kuti nchitoyo idzatha tulo tisanafike.

Potsiriza ndikusiyirani nchito. Njanji yocokera ku Bulawayo inafika pa mathithi m'caka ca 1904, ndipo likuru la dziko linasamuka kuno kupita ku Lusaka m'caka ca 1935. Pezani njerwa za 1904 ndi za 1935, muwerenge zogawira za ciri conse, ndi kutiuza kuti cosefukira nciti ndi coperewera nciti. Amene amvera bwino za 28 adzapeza theka la yankho asanaonkhetse kanthu. Tilembereni makalata, ndipo mayankho tidzawawerenga m'nkhani yathu yotsatira.